Supuni ya a Gwilym

Cannington, Perth
12 Malichi 2023

Okondedwa bambo a Tamandani,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la ku Perth likuwotcha ngati tinalilakwira. Tamandani dzino lija linaguluka? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi? Pa foni mumangoti tonse tili bwino, basi, n'chifukwa chake ndikuumirira pangano lathu la kalata imodzi pamwezi. Ndalemba pamanja, ndijambula n'kutumiza. Inunso mulembe yodzaza pepala.

Munati anzanu ku shedi amakufunsani kuti kodi mkazi wanu anawolokera nyanja kukaphunzira chiyani. Muziwauza kuti akuphunzira chaka chimodzi chokha, cha 1667, m'kadziko kotchedwa Wales, koyandikana ndi Mangalande. Akaseka asiyeni. Chaka chimodzicho chandikulira kuposa munda wa agogo ku Linthipe.

Tamvani zimene zinkachitika. Abusa amene anakana kupemphera motsatira buku la boma anali atachotsedwa m'mipingo yawo, ndipo lamulo silinkawalola kuyandikira mpingo wawo wakale kwa mamailosi asanu. Tangoganizani m'busa wa pa Dedza boma ataima ku Bembeke n'kumangoyang'ana phiri. Anthu oposa asanu akasonkhana m'nyumba kupemphera mwa njira yawo unali mlandu, ndiye ankabisala m'makola ndi m'mapanga. Akagwidwa, mlandu unkazengedwa m'Chingerezi pamene ambiri ankadziwa Chiwelishi chokha, moti munthu ankapulumuka kapena kumangidwa ndi pakamwa pa womasulira. Msonkho ankawerengera malo osonkhapo moto m'nyumba. Ng'ombe ankazikhomera zitsulo kumapazi n'kuziyendetsa wapansi mpaka ku London. Oimba zeze, amene kale ankalandiridwa m'nyumba za mabwana, anali atayamba kusowa kolowera.

Maulaliki ndi nyimbo za nthawiyo zili m'Chiwelishi chakale, ndipo pa yunivesite sindinapeze wondithandiza. Mwamwayi ndinakumana ndi a Gwilym, bambo wa ku Wales komweko amene amakhala ku Joondalup. Lachiwiri lililonse ndimakwera sitima ziwiri kupita kwa a Gwilym, timawerenga mpaka masana. A Gwilym ndi oleza mtima zedi, ndikalakwitsa amangoseka n'kundithirira tiyi. Chiyankhulo chawo chili ndi liwu lina lotulukira m'mbali mwa lilime ngati tsekwe wakwiya, koma a Gwilym akuti lilime langa layamba kumvera.

Chimene chingakukomereni inu akalipentala ndi ichi. Kumeneko mnyamata akafuna mtsikana ankasema supuni ya mtengo, yokongoletsa, zina zokhala ndi unyolo ndi timipira toyenda m'kati, zonse kuchokera pa mtengo umodzi, popanda guluu kapena msomali. Mtsikana akalandira ndiye kuti walola, akabweza ndiye kuti wakana. Chikole chenicheni ngati cha kwathu. Supuni yakale kwambiri yolembedwa chaka imene inasungidwa ndi ya 1667, koma dzina la wosema ndi la mtsikanayo palibe akulidziwa. A Gwilym akuti mwina anakanidwa, n'chifukwa chake sinathe ndi ntchito.

Mapepala a viza yanu ndi ya Tamandani afika pati? Ogasiti sali patali.

Ine wanu,
Nambewe


Dedza
2 Epulo 2023

Wokondedwa Nambewe,

Tili bwino. Dzino linaguluka, pano akuyankhula ngati nkhalamba. Amayi mwendo ukadali womwewo, koma Lamulungu amapita pa kabaza. Za viza ndinapita ku Lilongwe kukadinditsa zala, akuti tidikire. Ntchito ilipo, zitseko khumi ndi ziwiri za sukulu ina ndi mabokosi awiri a maliro sabata yathayi. Iwe ukudya mokwanira?

Anzanga ndinawauza za chaka chako ndipo anasekadi. Mmodzi anafunsa ngati ukamaliza 1667 udzayambe 1668, ndipo ngati pofika chaka chino ine ndidzakhale ndikupuma.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Ine ndi munthu wa tepi ndi pensulo, kuwerenga zinthu ndi matenda anga. Dzina la a Gwilym lilimo kasanu. Langa mulibe, ndangotchedwa akalipentala kamodzi. Sindikunena kanthu, ndikungopereka muyeso.

Bambo amenewa ali ndi zaka zingati? Ali ndi mkazi? Lachiwiri limenelo m'nyumbamo mumakhala anthu angati? Ndafunsa chifukwa iwe wemwe walemba kuti kwawoko sankalola anthu oposa asanu m'nyumba, mwina iwo anazolowera awiri okha. Ndipo mwamuna wothirira mkazi wa mwini tiyi ine sindinamuonepo kuno.

Za supuni zija sindinagome nazo. Chipande timasema m'mawa, masana chili pa msika. Ngati mnyamata wa ku Wales ankathera miyezi pa kasupuni kamodzi, ndiye kuti kwawo kunalibe zitseko zofunika kukhoma.

Amene ndamumvera chisoni ndi m'busa uja woletsedwa kufika pa mpingo wake. Iye ankaima patali mamailosi asanu. Ine ndinafunsa mphunzitsi wina pano kuti ku Perth ndi kutali bwanji, akuti mamailosi zikwi zisanu ndi kuposerapo. Ndikungoyang'ana phiri, wina akulalikira pa guwa langa Lachiwiri lililonse.

Uyankhe mafunso angawo mmodzimmodzi.

Mwamuna wako,
Lamson


Morley, Perth
23 Epulo 2023

Achimwene a Lamson,

Muli bwanji kumeneko? Amayi ali bwanji? Ine ndili bwino, kutopa kokha ndi mashifiti a kosungirako okalamba. Mundiuze ngati mankhwala ndinatumiza aja anafika.

Ndalemba kalata chifukwa nkhani iyi si ya pa foni, mwana angamve. Mukudziwa kuti alamu anga nditawalandira pa eyapoti anagona kwanga miyezi itatu. Basi ndinawaphunzitsa kukwera ndine, jekete la nyengo yozizira ndinawapatsa ndine. Zaka zisanu ndi zinayi ndili ku Perth kuno ndikusambitsa makolo a eni, palibe anandipatsapo mpando wakutsogolo. Lero kutchalitchi amayi akungoti adokotala, adokotala, chipewa cha digiri chomwe asanavale. Koma zimenezo si nkhani, ine ndilibe nsanje ndi munthu.

Nkhani ndi iyi. Loweruka la pa 15 Epulo pa msonkhano wa amayi anawapempha kuti atiuzeko za sukulu yawo. Anayankhula ola lathunthu, za akhristu obisala m'makola, za ng'ombe zovala nsapato, kenako za supuni. Anati ku Wales mwamuna akapatsa mkazi supuni yosema ndiye kuti wamufunsira, ndipo mkazi akalandira ndiye kuti walola. Anachita kunena liwu loti chikole. Amayi khumi ndi anayi anamva, ena anaululutira.

Lachinayi ndinali ofu, ndinapita ku Cannington kuti andiluke tsitsi. Ndinalowa kuchipinda kukatenga chipeso. Achimwene, pamwamba pa bedi, pambali pa chithunzi cha ukwati wanu, pali supuni ya mtengo yopachika pa msomali. Yoyera, yaitali ngati mkono wa Tamandani, unyolo wake wautali, kamtima pakati, timipira tinayi. Nditafunsa anati ndi mphatso ya a Gwilym aja, ndipo anandiyang'ana m'maso osaphethira, ngati akunena za paketi ya shuga.

Ine sindinaone china chilichonse, ndipo sindinama. Koma amene ananena kuti supuni ndi chikole si ine, ndi mwini wake, wophunzira. Kodi inu anakuuzani kuti walandira? Ngati sanakuuzeni, dzifunseni chifukwa chake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wanuyu ali pa mphepo.

Musatchule dzina langa.

Mlongo wanu,
Kate


Cannington, Perth
7 Meyi 2023

Bambo a Tamandani,

Moni. Ndimve za mwana, chifukwa Lachisanu munadula foni ndisanamufunse n'komwe.

Munakalipa mphindi makumi awiri osandipatsa mpata, ndiye ndiyankha pano pamene simungandidule. Eya, supuni ilipo. A Gwilym ali ndi zaka 82. Amayenda ndi ndodo, manja amanjenjemera moti tiyi amene wakupwetekani mtima uja theka lake limathera m'sosala. Alibe mkazi, alibe mwana. Anandipatsa pa 11 Epulo, tsiku limene ndinawerenga ulaliki wonse wa Chiwelishi osapunthwa. Anati anaisema kalekale, yakhala m'kabati zaka zambiri, ndipo kuli bwino ikhale ndi munthu wodziwa tanthauzo lake kusiyana n'kuti adzaitaye ndi zinyalala iwo akadzamwalira. Ndinalandira ndi manja awiri monga anandilerera amayi anga.

Kusakuuzani ndinalakwa, ndikuvomera. Koma kalata yanu ya tepi ndi pensulo ija inali itangofika kumene. Munthu amene anawerenga dzina kasanu, ndikanamuuza za supuni akanawerenga chiyani?

Munandiuzanso kuti nkhaniyi mwaitula kale kwa ankhoswe. Zikomo kwambiri. Ndakhala ndikulemba za Awelishi ozengedwa mlandu kudzera mwa womasulira, osadziwa kuti wanga womasulira amakhala ku Morley. Musavutike kumubisa, kuchipinda kwanga kunalowa munthu mmodzi yekha, ndipo tsitsi lake ndinaliluka bwinobwino. Akachita nsanje ndi mpando wakutsogolo abwere adzautenge, ine ndatopa nawo.

Ndipo inu, mukupsa mtima kuti mwamuna wina wasemera mkazi wanu mtengo. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala m'nyumba ya kalipentala. Mthiko ndinagula pa msika. Chitseko cha kubafa timatseka ndi mwala mpaka lero. Mwakhomera Dedza yense zitseko, mwagoneka akufa m'mabokosi osalala, ine munandisemera chiyani?

Sindibweza. Kubweza n'kutukwana nkhalamba imene sinandilakwire.

Nambewe


Linthipe
14 Meyi 2023

Kwa iwe Tithokoze Nambewe, mwana wa mlongo wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino, chimanga talowetsa, mbatata ndiyo yatikana. Mayi ako ali bwino koma sakugona tulo chifukwa cha nkhani yako. Utiuze za moyo wako kumeneko.

Dzulo tinakhala pansi ine ndi a Dunstan, nkhoswe ya kuchimuna, mwamuna wako ali pomwepo. Makalata onse tinawerenga, ako awiri ndi ya mlamu wako. Ine ku Wales sindikudziwako, sindidziwa ngati kumagwa mvula kapena ayi. Koma mlandu uwu sunativute, chifukwa mboni yaikulu ndi iwe wemwe. Unalemba ndi dzanja lako kuti supuni yotere ndi chikole, ndi kuti wolandira walola. Sukulu yako yomweyo ndiyo yakutsutsa. Ukanakhala mbuli tikanati sunadziwe.

Ukuti bamboyo ndi nkhalamba. A Dunstan anayankha kuti galu wamkota sakandira pachabe. Mwina mtima wake ndi woyera, ife sitinauone. Chimene taona ndi chakuti chikole cha mwamuna wina chapachikidwa pamwamba pa bedi la mkazi wokwatiwa, ndipo amayi khumi ndi anayi a mpingo akudziwa tanthauzo lake. Mawa nkhaniyi idzafika kuno pa ndege isanafike digiri yako.

Tagamula motere. Supuniyo ibwerere kwa mwini wake mwezi uno usanathe. Ukapereke wekha, mwaulemu, mlamu wako Kate akhale mboni, ndipo iyeyo alembere kuno. Kufikira zitatero, iwe ndi Lamson musaimbirane foni, chifukwa foni ndiyo ikukolezera moto. Mwana uziyankhula naye kudzera kwa agogo ake. Lamson naye tamudzudzula pa kukalipa kwake ndi pa za chitseko cha kubafa, zimene zinatichititsa manyazi tonse.

Ukakana, akuchimuna anena poyera kuti ulendo wa Ogasiti kulibe, ndipo tidzakhalanso pansi kukamba za banja lenilenilo. Mwana wanga, ndinakuperekeza ku ukwati ndine. Usandiyendetse ulendo wina wokakutenga chifukwa cha kamtengo.

Ndine malume ako,
Msaiwale Mbewe


Morley, Perth
31 Meyi 2023

Achimwene,

Moni nonse. Amayi ali bwanji? Kalatayi mukaonetsenso a Dunstan ndi a malume a alamu, chifukwa ndi umboni umene munafuna. Supuni yabwezedwa dzulo, Lachiwiri, ine ndikuona.

Tinakumana m'tauni n'kukwera sitima ya ku Joondalup. Njira yonse alamu anagwira supuni pamiyendo ataikulunga m'chitenje. Ine ndinali nditakonzeka kuona bambo wamashasha. Amene anatsegula chitseko ndi kankhalamba kowerama, kofanana ndi amene ndimawamwetsa phala kuntchito. Anavala tayi chifukwa anamva kuti kukubwera mlendo. Anandipatsa moni m'Chichewa chopindika, muli bwanji, n'kuseka yekha. Patebulo panali makapu atatu ndi timakeke ta kwawo timene anaphika okha. Pa filiji pali chithunzi cha Tamandani, ndi chanu, achimwene, chija muli pa shedi ndi pensulo kukhutu.

Alamu sanamwe tiyi. Anagwada pansi monga timachitira kwathu, n'kupereka chitenje chija ndi manja awiri. Bamboyo za kugwada sakuzidziwa, anayesa kuti adwala, anafuna kuwadzutsa koma mphamvu analibe. Alamu anafotokoza m'Chingerezi kuti kwathu akuluakulu agamula kuti mkazi wapabanja sangasunge mphatso yotere. Sanatchule dzina langa kapena lanu.

Anamasula chitenjecho pang'onopang'ono, anakhala pa mpando. Kenako anatiuza kuti anaisema mu 1966, miyezi isanu, akusemera mtsikana wa m'mudzi mwawo. Patapita sabata atamupatsa, mchimwene wa mtsikanayo anaibweretsa atakulunga m'nyuzipepala. Chaka chotsatira iwo anakwera sitima ya pamadzi kubwera kuno, ndipo sanafunsirenso mkazi wina. Alamu nkhani imeneyi sankaidziwa, ndinawaona nkhope.

Anati, "Aka ndi kachiwiri. Koyamba anatuma munthu. Iwe wabwera wekha, zikomo."

Ananenanso kuti maphunziro a Lachiwiri athere pomwepo, chifukwa safuna kukhala chifukwa cha mkangano m'nyumba ya mwamuna mnzawo. Alamu anapempha, iwo anakana mwaulemu. Tikutuluka analowa kuchipinda n'kubwera ndi kathumba ka nsalu. Muli timipeni tosemera tisanu ndi tiwiri, zogwirira zake zosalala ndi ntchito. Akuti anakusungirani inu kuti adzakupatseni mu Ogasiti, chifukwa anamva kuti ndinu kalipentala ndipo manja awo anatha. Anandipatsa ine kuti ndikusungireni. Anati izi mwamuna akhoza kulandira, sizifunsira munthu.

Achimwene, zonse ndinakulemberani zija zinali zoona, simungandigwire bodza. Koma ine nkhope za okalamba ndimazidziwa, ndi ntchito yanga. Ndikudziwa mmene amaonekera amene abale awo asiya kubwera. Nkhope imeneyo ndinaiona dzulo pa chitseko, ndipo timakeke tija palibe anadyako. Alamu analira kuchokera ku Joondalup mpaka m'tauni, ndinawapatsa tishu anakana. Kuntchito lero ndalephera kudya.

Umboni wanga ndi umenewo. Musandipatsenso ntchito yotere.

Kate


Dedza
24 Meyi 2023
Yonyamulidwa pamanja, yofika ku Perth pa 18 Juni

Wokondedwa Nambewe,

Uli bwanji, mayi wa mwana wanga? Ife tili bwino. Viza yatuluka, yanga ndi ya Tamandani. Kalatayi ndaiika m'kaphukusi kamene ndapatsira mayi Edda a mpingo wanu, amene anabwera kudzaona abale. Anyamuka Lachisanu, Lamulungu akhala atakupeza, mwezi usanathe. Foni a malume analetsa, komanso ndikufuna mawu awa afike limodzi ndi chimene chili m'phukusimo.

Tsiku limene ndinawerenga kalata yako ya mwala wa kubafa, chitseko ndinakhoma dzuwa lisanalowe. Mahinjesi atatu ndi loko. Kenako mtima ukadali kuwira ndinatenga chidutswa cha mlombwa, ndinati ndimuonetse mzunguyo kuti kasupuni si ntchito. Yoyamba inasweka pa khosi. Yachiwiri inathyoka ndikulekanitsa mphete yachiwiri ya unyolo, mpeni n'kulowa m'chala changa chachikulu. Anzanga ku shedi ankati ndapenga, zitseko za sukulu zili pomwepo. Iyi ndi yachitatu. Ili ndi mphete zitatu zokha, timipira ndalephera.

Nambewe, mpeni wandiuza chimene kalata yako inalephera kundiuza. Kate anati ya bamboyo ili ndi unyolo wautali ndi timipira tinayi. Munthu wonjenjemera manja sangaseme zimenezo. Anasema ali mnyamata, iwe usanabadwe, ndipo amene ankamuganizira posema si iwe. Ndipo munthu amene anapirira miyezi pa mtengo umodzi osauthyola si woti n'kumubwezera chinthu pa khomo ngati wakuba. Usabweze. Ankhoswe ndikawauza ndine kuti mlandu ndauchotsa.

Tsopano ndinene chimene sindinanene pamaso pa a malume. Ine sindinakupatse chikole. Tamandani anali kale m'njira, tinathamangira kwa ankhoswe, ndinati ndidzakupatsa zikakhazikika. Sunandikumbutsepo, ine n'kuyesa kuti waiwala. Nditamva kuti wina wakupatsa, ndipo iwe wachipachika pamwamba pa bedi, ndinadziwa kuti pa khoma pamenepo panali msomali wondidikira zaka zisanu ndi zitatu. Nsanje ndinachita, yoopsa, yosadyetsa. Ndipo si ya nkhalamba yokha. Ndimachita nsanje ndi abusa ako obisala m'makola, ndi ng'ombe zako za nsapato, ndi chaka chonsecho, chifukwa ukamalemba za izo umasangalala mwa mtundu umene sindinakuonepo m'nyumba mwanga.

Iyi ndi yoipa poyerekeza ndi inayo, ndikudziwa. Uzipachike zonse ziwiri, anthu aziona kusiyana. Koma ulandire.

Mwamuna wako,
Lamson


Cannington, Perth
25 Juni 2023

Bambo a Tamandani,

Moni. Ndamva kwa agogo ake kuti mwana ali bwino ndipo dzino latsopano latuluka. Ine ndilipo. Kuno kukuzizira ndi mvula.

Mayi Edda anandipatsa phukusi lanu Lamulungu lapitalo tikutuluka m'tchalitchi. Akuti pa eyapoti analitsegula, supuni anaigogoda pa pepala loyera kufuna tizilombo, sanapeze kanthu. Ndinawerenga kalata yanu nditaima pa malo oimika magalimoto. Ndinalira, sindibisa. Mawu amenewo ndawadikira zaka zambiri, ndipo supuniyo si yoipa monga mukunenera. Pa mphete yachiwiri pali kadontho kakuda, ndikuganiza kuti ndi magazi anu.

Lachiwiri ndinapita ku Joondalup ndi zonse ziwiri, kalata ndi supuni. A Gwilym anandilandirira pa khomo, sanandilowetse. Aonda. Ndinawamasulira pamene munati usabweze. Anatenga supuni yanu, anaiyendetsa chala, anati wosema uyu ali ndi dzanja labwino koma amafulumira. Nditapempha kuti andipatsenso yawo ija, anati kulibe. Sabata yomwe ija anaiika m'thumba la zovala zakale n'kupereka ku shopu ya kaunjika, chifukwa sakanatha kuibwezanso m'kabati. Ndayenda mashopu anayi, ku Joondalup mpaka ku Morley. Wina anagula, mwina akutakasira supu.

Ndikanati ndi tsoka chabe, kalata inachedwa, palibe wolakwa. Ndinayesa kuganiza choncho masiku awiri. Koma ndinafunsa mayi Edda chimene chinawachedwetsa. Akuti apongozi awo anamwalira Lachinayi, pa 25 Meyi, ulendo n'kuimika masabata atatu. Akutinso bokosi la malirowo munakhoma ndinu, ndipo munalinyamula nokha kukatula kusiwa, n'kuwapepesa pamaso.

Ndiye kuti munadziwa. Kuyambira Lachinayi mpaka Lachiwiri limene ndinakagwada ku Joondalup, masiku asanu, munkadziwa kuti kalata yanu ili m'chikwama ku Dedza komweko, ndipo foni inali m'thumba mwanu. Musandiuze za lamulo la a malume, inu amene munalemba kuti mukawauza nokha kuti mlandu mwauchotsa. Liwu limodzi lokha, usabweze, likanakwana. Dzanja lanu linalemba kalata yabwino, koma mtima wanu unafuna kuti supuni ya mnzanu ichoke kaye pa khoma, yanu idzapeze msomali wopanda kanthu. Mwapambana, msomali ulibe kanthu.

Yanu sindinaipachike. Ili m'chitenje chomwe chija, m'dirowa. Timipeni tanu tili kwa Kate. Ogasiti mubwere ndi mwana monga tinapanganira, ndikufuna kumuona, ndipo inu muli ndi ulendo wa ku Joondalup umene palibe angakuyendereni. Mukakabwerako mudzandipatse supuniyi ndi manja anu, mutandiyang'ana, mudzandiuze za masiku asanu aja.

Yankho la supuni yanuyi sindinalipeze, ndipo musatume a Dunstan kudzalifunsa. Ndikadzalandira mudzaona. Ndikadzakana sindidzatuma munthu, ndidzagwada mwaulemu n'kukupatsani ndi manja awiri. Kubweza ndikukudziwa tsopano, munandiphunzitsa ndinu.

Tithokoze Mbewe